Mnofu Wotseka Zikope, Mlonda wa Maso Athu



Abale ndi alongo olemekezeka a ku Mangochi, Makanjira, Monkey Bay, Chipoka, Salima, Nkhotakota ndi madera onse a m'mbali mwa nyanja, komanso ana athu amene ali pa ntchito mumzinda wa Lilongwe, phunziro lathu la zaumoyo lero likukhudza kachiwalo kakang'ono kamene tonse timakagwiritsa ntchito usana ndi usiku koma sitikaganizira. Munthu akamadandaula za maso, kawirikawiri amanena za ng'ala, kufiira kapena kusaona patali. Koma pali kusaona kwina kumene sikuyambira m'diso ayi. Diso labwinobwino, lopanda nthenda iliyonse, likhoza kuonongeka m'masabata owerengeka pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti zikope zalephera kutseka. Choncho ndi bwino tiudziwe mnofu umene umagwira ntchito imeneyi, ndiponso tidziwe chochita ukafooka.

Kapangidwe ka mnofuwu

Pansi pa khungu la nkhope, mozungulira diso lililonse, pali mnofu wopyapyala wooneka ngati nkhata imene amayi amasenzerapo mtsuko. Madokotala amautchula ndi dzina la Chilatini lakuti orbicularis oculi, kutanthauza mnofu wozungulira diso. Nangula wake wamkulu ali pa kona ya diso ya kufupi ndi mphuno, pamene wamangiriridwa ku mafupa. Kuchokera pamenepo ulusi wake umazungulira pamwamba ndi pansi pa diso. Ndiye chifukwa chake ukakokana umasonkhanitsa khungu lonse n'kulikokera cha kumphuno, monga mmene chingwe chimatsekera kukamwa kwa thumba.

Mnofuwu uli ndi magawo atatu. Gawo loyamba ndi lakunja, lalikulu ndi lamphamvu, ndipo limafika mpaka pamphumi ndi pamwamba pa tsaya. Ili ndi limene timatsinzinira mwamphamvu, monga pamene mwera ukuulutsa mchenga pa doko, kapena pamene mtambo wa nkhungu wapeza msodzi ali pakati pa nyanja. Makwinya amene amaoneka m'mbali mwa maso a munthu amene akuseka mochokera pansi pa mtima amapangidwa ndi gawo lomweli.

Gawo lachiwiri lili m'kati mwa zikope zenizenizo, pansi pa khungu lopyapyala kuposa khungu lina lonse la m'thupi. Limagona pamwamba pa kanyama kolimba kamene kamapatsa chikope maonekedwe ake kuti chisakwinyike ngati nsalu. Gawo ili ndilo limaphethira, ndiponso ndilo limatseka maso mofatsa tikamagona.

Gawo lachitatu ndi laling'ono kwambiri, lobisika kuseri kwa kathumba ka misozi, pakati pa diso ndi mphuno. Ntchito yake ndi yothandiza kupopa misozi, monga tifotokozere patsogolopa.

Mitsempha itatu yolamula chikope

Mnofu sugwira ntchito pawokha, umadikira lamulo lochokera ku ubongo. Lamulolo limadutsa m'mitsempha ya mauthenga, imene ndi yosiyana ndi mitsempha ya magazi. Kuchokera mu ubongo mumatuluka mitsempha yotere 12 mbali iliyonse ya mutu, ndipo itatu mwa iyo ndiyo imayang'anira chikope. Mtsempha wachitatu umalamula mnofu wina, wochokera m'kati mwa chigoba cha diso, umene umakweza chikope cha m'mwamba kuti diso litseguke. Mtsempha wachisanu ndiwo umamva kukhudza ndi ululu pa diso. Mtsempha wachisanu ndi chiwiri, wotchedwa mtsempha wa nkhope, ndiwo umalamula mnofu wotseka.

Mtsempha wa nkhopewu uli ndi ulendo wovuta. Ukatuluka mu ubongo umadutsa m'kanjira kopapatiza m'kati mwa fupa la khutu, n'kutulukira kunsi kwa khutulo, kenako umagawikana nthambi zisanu zimene zimamwazikana pankhope ngati zala za dzanja. Nthambi ziwiri za m'mwamba ndizo zimapita ku mnofu wa zikope. Kupapatiza kwa kanjira kameneka tikukumbukire, chifukwa mavuto ambiri amayambira pomwepo.

Kachitsotso kakakhudza diso, mtsempha wachisanu umathamangitsa uthenga ku tsinde la ubongo, ndipo wachisanu ndi chiwiri umabweza lamulo lakuti zikope zitseke. Zonsezi zimatenga pafupifupi gawo limodzi la magawo 10 a sekondi, munthu asanaganize n'komwe, ndipo maso onse awiri amatsinzina ngakhale lokhudzidwa lili limodzi. Madokotala amayesa zimenezi pa munthu amene wakomoka pofuna kudziwa ngati tsinde la ubongo likugwirabe ntchito.

Chifukwa chake timaphethira

Munthu wamkulu amaphethira ka 15 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Tikawerengera ka 15 kokha, kwa maola 16 amene munthu amakhala maso, ndiye kuti waphethira ka 14,400 pa tsiku. Kodi zonsezi n'zantchito yanji?

Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera kamene madokotala amati cornea. Kagalasi kameneka kalibe mitsempha ya magazi, pakuti kakanakhala nayo sitikanaona bwino. Mpweya umene kamafuna kamaulandira kudzera m'timisozi topyapyala timene timakakuta nthawi zonse. Timisozi timeneti ndi madzi osakanikirana ndi kamadzi kolenda, ndipo pamwamba pake pali mafuta ochokera m'timatumba tating'ono tokhala m'mphepete mwa zikope, amene amaletsa madziwo kuuma msanga. Pa kuphethira kulikonse chikope chimapaka misozi yatsopano pa diso lonse, chimafinya timatumba ta mafuta tija, ndipo chimasesa fumbi. Zikope zimayamba kukumana cha kunja n'kumalizira cha kumphuno, kotero kuti misozi yakale imakankhidwira ku timabowo tiwiri tating'ono tokhala pa kona ya diso. Kuchokera pamenepo imalowa m'kathumba ka misozi n'kutsikira m'mphuno. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wolira amatulukanso mamina.

Kuphethira kukaleka, kagalasi kaja kamauma, kamachita chilonda, tizilombo timalowa, ndipo chilondacho chikapola chimasiya chipsera choyera chimene sichichoka. Anthu ambiri amati ndi ng'ala, koma ng'ala yeniyeni imakhala m'kati mwa diso ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni yodziwika bwino, pamene chipsera cha pa kagalasi n'chovuta kwambiri kuchiza. Apa mpamene pagona nkhani yonse.

Phunziro la ku Area 4

Mumzinda wa Lilongwe, pafupi ndi Old Town, muli dera la Area 4, kumene kuli magalaja, malo owotcherera zitsulo ndi masitolo a zipangizo zomangira. Ntchito za kumeneko zimaonetsa bwino lomwe mphamvu ya mnofuwu ndi malire ake.

Choyamba, kachitsulo kothetheka kuchokera pa makina opalira kapena pa nyundo kamathamanga kuposa kuphethira. Mlonda amatseka chitseko mbala italowa kale. Palibe mmisiri, ngakhale wazaka zambiri pa ntchito, amene zikope zake zingalowe m'malo mwa magalasi otetezera maso.

Chachiwiri, kuwala kwa moto wowotcherera zitsulo kumapsereza khungu la kagalasi ka diso, koma ululu umabwera patapita maola 6 mpaka 12, kawirikawiri pakati pa usiku. Munthu amamva ngati m'maso mwathiridwa mchenga, ndipo zikope zimakanirira osafuna kutseguka. Kukanirira kumeneku si nthenda ina ayi, ndi mnofu uja ukutchinga diso lovulala. Munthu wotere apite kuchipatala, asathire m'maso mkaka, shuga, fodya kapena madzi a masamba, pakuti zimenezi zaononga maso ambiri amene akanapola okha.

Chachitatu, asidi wa m'batire, simenti kapena laimu zikagwera m'diso, mphamvu ya mnofuwu imasanduka vuto, chifukwa umatsekera mankhwalawo m'kati. Amene ali pafupi atsegule zikope za mnzakeyo ndi zala zoyera, ngakhale iye akukana, n'kuthira madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 20, kenako n'kuthamangira naye kuchipatala. Chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pa Kamuzu Central Hospital mumzinda momwemo.

Nawonso amene amagwira ntchito m'maofesi a ku City Centre ndi Capital Hill ali ndi vuto lawo. Munthu akayang'anitsitsa kompyuta kapena foni, kuphethira kwake kumatsika kufika pa theka kapenanso kucheperapo, ndipo madzulo maso amayabwa ndi kufiira, makamaka m'miyezi ya fumbi ya September ndi October. Langizo la madokotala a maso ndi lakuti pakapita mphindi 20 zilizonse munthu ayang'ane chinthu chakutali kwa masekondi 20, n'kuphethira mofatsa kangapo.

Nkhope ikapotoka

Zimachitika kuti munthu anagona bwinobwino, koma podzuka apeza kuti pakamwa papotokera mbali imodzi, madzi akutayika akamachukucha m'kamwa, mphumi sikuchita makwinya mbali imodzi, ndipo diso la mbali yomweyo silikutseka. Akayesa kutsinzina, diso limatembenukira m'mwamba n'kuoneka poyera pokha. Achibale amachita mantha, ena n'kuyamba kulozana zala. Koma chimene chachitika, nthawi zambiri, ndi chakuti mtsempha wa nkhope watupa m'kanjira kopapatiza kaja ndipo wafinyika, moti mauthenga sakudutsa.

Nthenda imeneyi si yachilendo. Sing'anga wotchuka Abu Bakr al-Razi, amene anatsogolera chipatala ku Baghdad ndipo anamwalira cha m'ma 925, anaifotokoza m'buku lake la al-Hawi, ndipo Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, analembanso za iyo. M'Chiarabu imatchedwa laqwa. M'chaka cha 1821 dokotala wa ku Scotland, Charles Bell, anaonetsa ntchito ya mtsempha wa nkhope, ndipo lero nthendayi imadziwika ndi dzina lakuti Bell's palsy. Imagwira munthu aliyense, koma imakonda kwambiri odwala shuga ndi amayi oyembekezera. Mtsempha womwewu ukhoza kuonongekanso ndi mafinya a m'khutu osatherapo, mashingozi, kapena kuvulala m'mutu monga pa ngozi ya njinga yamoto.

Nkhani yabwino ndi yakuti anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse amachira kotheratu, ndipo mwayi umakula ngati munthu wayamba kumwa mankhwala a prednisolone asanathe maola 72. M'mera mpoyamba. Koma kuchirako kumatenga masabata kapena miyezi, ndipo pa nthawi yonseyo diso lili pa mtetete. Nkhope ikhoza kuwongoka diso litafa kale. Choncho wodwala amapatsidwa mankhwala odonthezera m'maso masana ndi mafuta a m'maso usiku. Pogona, chikope chitsekedwe ndi chala n'kumatidwa ndi pulasitala monga achipatala asonyezera. Thonje lisaikidwe pa diso lotseguka chifukwa limakanda kagalasi kaja. Masana avale magalasi ndi chipewa, ndipo apewe utsi wa pa moto wowambira nsomba.

Tidziwenso kusiyana kwake ndi sitiroko. Pa sitiroko, kawirikawiri pakamwa pamapotoka koma munthu amatha kukweza mphumi ndi kutseka diso, ndipo nthawi zambiri mkono kapena mwendo umafooka, kapena mawu satuluka bwino. Imeneyo ndi ngozi ya moyo. Koma kusiyanitsa kumeneku ndi ntchito ya dokotala. Nkhope ikapotoka mwa mtundu uliwonse, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo.

Khate ndi diso losatseka

Kachilombo koyambitsa khate kanapezeka ndi dokotala wa ku Norway, Armauer Hansen, m'chaka cha 1873. Kamakonda mitsempha ya mauthenga imene ili kufupi ndi khungu, ndipo nthambi zopita ku zikope zili m'gulu limeneli. Choopsa n'chakuti khate likhoza kupha mitsempha iwiri pamodzi, wotseka chikope ndi womva ululu. Zikatero diso limakhala lotseguka, fumbi likulowa, chilonda chikukula, mwini wake osamva kanthu.

Dziko lathu lalimbana ndi khate kwa nthawi yaitali. Kunali malo osamalira odwala ku Mua, ku Utale m'boma la Balaka ndi ku Kochirira m'boma la Mchinji, ndipo bungwe la LEPRA linayamba ntchito yake kuno m'zaka za m'ma 1960. M'chaka cha 1994 Malawi anafika pa mlingo umene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika, wakuti odwala asakwane mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Izi sizitanthauza kuti khate linatha, pakuti odwala atsopano amapezekabe chaka ndi chaka. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akangoyamba kumwa amasiya kupatsira ena. Banga lotuwa pakhungu limene silimva kukhudza, makamaka likakhala pankhope pafupi ndi diso, lionetsedwe kuchipatala mosachedwa. Amene chikope chinafooka kale amaphunzitsidwa kuphethira mwadala kawirikawiri, ndipo ena amasokedwa pang'ono pa kona ya zikope kuti mpata uchepe. Wodwala khate ndi m'bale wathu, ndipo kumusala ndiko kumamuchititsa kubisa nthenda mpaka maso ataonongeka.

Trakoma: mlonda akasanduka wobaya

Nthenda ya trakoma imafala kudzera m'manthongo ndi mamina a ana, pa manja, pa nsalu zopukutira ndiponso kudzera m'ntchentche. Mwana akadwala mobwerezabwereza, m'kati mwa chikope mumachita zipsera, ndipo pakapita zaka zipserazo zimakoka chikope n'kuchipindira m'kati. Nsidze za m'mphepete mwa chikope zimayamba kukhudza diso. Mnofu uja ukupitiriza ntchito yake mokhulupirika, koma tsopano kuphethira kulikonse kukukanda kagalasi ka diso, kambirimbiri pa tsiku. Malinga ndi bungwe la WHO, amayi amachita khungu ndi nthendayi mpaka kanayi kuposa abambo, chifukwa ndiwo amakhala ndi ana nthawi zambiri.

Maboma monga Nsanje, Chikwawa, Mchinji, Kasungu, Nkhotakota ndi Salima anali ena mwa okhudzidwa. Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi mabungwe monga Sightsavers ndi BICO, unatsata njira zinayi: opaleshoni yowongola chikope, kugawa mankhwala a azithromycin, kusambitsa ana kumaso, ndi ukhondo wa pakhomo. Mu September 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa trakoma monga vuto lalikulu la zaumoyo, ndipo linakhala dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kuchita zimenezi. Komabe agogo ena amene anadwala ali ana akhoza kupindika zikope lero. Mukaona mayi wachikulire akuzula nsidze zake ndi kachitsulo, mutengereni kuchipatala, pakuti opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo munthu sagonekedwa tulo. Ife amene timasamba kumaso pa wudhu tisanaswali tili kale ndi chizolowezi chabwino. Chotsala ndi kukumbukira ana aang'ono amene sanayambe kuswali, kuti nawonso nkhope zawo zisambitsidwe ndi sopo tsiku ndi tsiku.

Kunjenjemera kwa chikope, ukalamba ndi imfa

Chikope chikamanjenjemera chokha, ena amati kukubwera mlendo, ena amati ndi malodza. Zoona zake n'zakuti timaulusi tochepa ta mnofu uja tikukokana tokha chifukwa cha kutopa, kusowa tulo, nkhawa kapena kumwa tiyi ndi khofi wambiri. Msodzi amene wachezera usipa usiku wonse asadabwe nazo. Zimatha zokha munthu akapumula. Koma zikapitirira masabata angapo, kapena zikafalikira ku tsaya ndi pakamwa, kapena zikope zikamatsekeka zokha mwamphamvu, ndi bwino kukaonana ndi dokotala.

Pa ukalamba mnofuwu ndi zomangira zake zimalobodoka. Chikope cha m'munsi chikhoza kugwera kunja, misozi n'kumangoyenderera pa tsaya, kapena kupindikira m'kati. Zonse ziwiri zimakonzedwa ndi opaleshoni yaing'ono.

Ndipo pa mapeto a moyo, popeza kutseka maso kumafuna mphamvu ya mnofu, maso a womwalira nthawi zina amatsala otseguka pang'ono. Tikudziwa kuti Mtumiki Muhammad (SAW) anatseka maso a Abu Salama (RA) atamwalira, ndipo mpaka lero timachitira abale athu chimodzimodzi. Azachipatala amaonjezera kuti kuuma kwa thupi kumayambira m'minofu ing'onoing'ono ya zikope ndi nsagwada patangopita maola ochepa, n'chifukwa chake ntchitoyi imachitika msanga ndiponso mofatsa.

Zoyenera kukumbukira

Abale ndi alongo, mayeso ake ndi apafupi ndipo safuna ndalama. Uzani munthu atsinzine mofatsa ngati akugona, inu n'kuyang'ana ngati patsala mpata pakati pa zikope. Muyang'aneninso ali m'tulo. Ngati poyera pa diso pakuoneka mbali imodzi, ndipo diso lomwelo limafiira kapena kutuluka misozi, musadikire kuti liyambe kupweteka.

M'zipatala za maboma muli achipatala ophunzira za maso. Maphunziro awo anakhazikitsidwa ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1980 motsogozedwa ndi malemu Dr Moses Chirambo, dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi. Iwo akaona kuti vuto ndi lalikulu amatumiza wodwala ku Kamuzu Central, ku Zomba Central, ku Queen Elizabeth Central mumzinda wa Blantyre, kapena ku Nkhoma.

Eni magalaja agulire anyamata awo magalasi otetezera maso ndipo aonetsetse kuti akuvalidwa. Makolo asambitse ana kumaso. Aphunzitsi a m'madrasa ndi atsogoleri a m'midzi athandize kuchotsa mantha ndi manyazi pa nkhani ya nkhope yopotoka ndi khate, kuti odwala asabisidwe m'nyumba masiku ofunika akutha. Nkhanga zinapangana kusanapse. Uthengawu tiufikitse kwa amene sadziwa kuwerenga, pa doko, pa msika ndi pa khonde la mzikiti tikatha Jumu'ah.

Allah atisungire maso athu ndi a ana athu, ndipo apereke machiritso kwa odwala onse. Ameen.